Masabata atatu amene ndinamana mwana wanga nsima

Mwana wanga wachiwiri, mtsikana, anatuluka m'chipatala cha ku Katete nthawi yokolola, atagonako masabata asanu ndi limodzi. Popita ndinachita kumubereka kuchokera kumudzi mpaka pamsewu wa ku Sinda, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Pobwera anayenda yekha, akupumira pansi pa mitengo. Ine njira yonse ndinali kungothokoza Mulungu mumtima.

Matenda ake anayambira kusukulu ya sekondale yogonera komweko. Anapitako ali wojintcha bwino, masaya ngati anga, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Mtondo. Anayamba kusiya nsima, kenaka phala, kenaka pafupifupi zonse. Atabwera pa holide anandiuza kuti akusala kudya popempherera mayeso. Inetu ndinakondwa, mpaka ndinamuyamikira pamaso pa amayi anzanga a kumpingo kuti ndabala mwana woopa Mulungu. Chimenecho ndimachilapa mpaka lero.

Atafika poonda zoopsa, akuluakulu a m'mudzi anati ndi mdulo, kuti wina anathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. Apongozi anga anatiitana ine ndi bambo wake kutifunsa mafunso ochititsa manyazi. Kuchipatala anamupima chifuwa, magazi, zonse, osapeza kanthu. Potsiriza adokotala anati ndi matenda oopa chakudya, ndipo amapha ngati matenda ena onse.

Tsiku lotuluka, asisitala achikulire amene ankamusamalira anandikhazika pa benchi. Anati mwanayu adye katatu pa tsiku, ndi kena kake pakatipakati, nthawi yake osaphonya. Nsima, phala, mbatata, ndiwo, zonse. Anatinso ndisamamusiye kudya yekha. Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Sindinganame kuti sanandiuze.

Masiku oyamba zinayenda. Ankadya pang'onopang'ono ngati akumwa mankhwala owawa, koma ankadya.

Tsiku lina tinaitana anzathu kudzatithandiza kukolola. Ndinaphika mbatata yodzaza dengu kuti ndiwatengere kumunda masana. Nditabwera kudzaitenga ndinapeza dengu lilibe kanthu, makoko omwe palibe. Mwana anali pansi kuseri kwa chitseko, atagwira mimba, nkhope ili misozi yokhayokha. Mimbayo inali yolimba ngati ng'oma.

"Amayi, sindinathe kuleka," anatero. "Manja amangopita okha."

M'mawa mwake anakana chakudya chilichonse, ati akubweza zimene anadya dzulo. Sabata isanathe zinachitikanso ndi zitumbuwa zimene ndinakazinga zokagulitsa pamsewu. Ndinasokonezeka mutu. Mwana amene ankakana chakudya tsopano akuchigwera ngati wogwidwa mizimu, ndipo zonse ziwiri zikumupweteka.

Lamulungu linalake kunabwera alamu anga, akulu awo a bambo wake. Ankagwira ntchito m'sitolo ya Msilamu wina ku Katete, munthu wabwino mtima, wosabwera chimanjamanja ngakhale masiku amenewo pamene sopo ndi mafuta tinkachita kuimira pa mzere. Iwo anali ndi matenda a shuga, ndipo adokotala anawaletsa shuga ndi mabanzi, nsima anawauza kuti achepetse. Nditawafotokozera za dengu la mbatata lija anagwedeza mutu ngati nkhani akuidziwa kale. Anati nsima, mbatata, chinangwa ndi buledi ndi zimene zimaitana njala. Ukazilawa pang'ono, mimba imafuna zina. Iwo chichepetsereni zimenezo njala inawatha. Ndiye malangizo awo anali oti mwanayo ndimuchotsere zonsezo, azidya ndiwo zokha, mazira, kapenta, nsawa ndi masamba, kususukako kutha kokha.

Ndinaganiza kuti awa ndi anthu a m'tauni, amawerenga nyuzi, ndipo mawu awo achokeranso kwa adokotala. Kubwerera kwa asisitala kukafunsa ndinaona kutalika, chimanga chili m'munda, chiswe chikudya. Bambo wake nditawafunsa anangoti za kukhitchini ndi zanga.

Nditamuuza mwana, anamwetulira. Kanali koyamba kuona mano ake chichokereni kusukulu. Ndinati Ambuye mwayankha. Kumwetulira kumeneko ndikadayenera kukuopa, chifukwa ndinali nditamupatsa chimene matenda ake ankapempha chaka chonse, ndiponso ndi dalitso la mayi wake.

Kwathu akazi timadyera mbale imodzi, ine, ana aakazi ndi apongozi, amuna kwaokha. Koma ndinaona kuti nkulakwa kuti mwana aziyang'ana nsima imene sakudya. Ndinamupatulira kambale kakekake ka ndiwo, azikadyera pakhonde la kuseri. Apongozi anang'ung'udza za mazira okha, ati mtsikana sadya mazira, adzavutika pobereka. Za nsima sananene kanthu. Ufa ndinautsekera m'bokosi la malata limene ndinakwatiwa nalo, kiyi ndikumanga pa nsonga ya chitenje. Mbatata ndinakaisungitsa kwa mnansi.

Masabata atatu anatha osagwera chakudya. Ndinkawerenga masikuwo ngati madalitso. Koma panali zina zimene ndinkaziona osazimvetsa. Ankavala juzi dzuwa lili pamutu. Ndikamupesa, tsitsi linkatsalira m'chipeso. M'kamwa mwake munkatuluka kafungo kachilendo. Ndipo nkhani zake zonse zinasanduka za chakudya. Ankapempha kuti aziphika nsima yathu ndi iye, ankaomola mitanda yosalala bwino, kuiika m'mbale, kenaka nkuima pambali kutifunsa ngati yapsa, ngati yakoma, ngati tikhuta. Mng'ono wake akasiya kambamu, ankamukalipira. Usaone, ine ndinkati mwana wachira, wayamba kukonda ntchito za pakhomo.

Sabata lachinayi kunagwa maliro m'mudzi, agogo ena aamuna a tsidya la dambo. Mwambo wake ngwodziwika. Nyumba iliyonse imaphika nsima nkupereka ku siwa, anthu akabwera kumanda amadya m'magulumagulu, ndipo atsikana ndi amene amatolera mbale ndi kukhuthulira zotsala m'beseni. Mwana wanga anapempha kuti akathandize anzake. Ndinavomera. Ndinati aonekeko kwa anthu, aone kuti ali moyo.

Ine ndinali m'nyumba ya siwa ndi amayi a kumpingo, tikuimba. Dzuwa litapendeka, mayi wina analowa chokwawa nkundinong'oneza kuti nditulukeko.

Ndinamupeza kuseri kwa khola la mbuzi. Anali atagwada pa beseni la zotsala, akudya ndi manja awiri. Nsima yozizira, yogwiridwagwiridwa ndi anthu, ina yogwera pansi ya mchenga, popanda ndiwo, osatafuna. Agalu awiri anali chapatali kudikira. Azimayi ngati khumi anaima mozungulira, manja pakamwa, palibe womugwira. Wina, sindidzamutchula, ananena mosabisa kuti anthu odya chotere pamaliro timawadziwa chimene amakondwerera. Ndinamva chimene ankatanthauza. Kwathu munthu wosusukira chakudya cha pamaliro amamuganizira ufiti.

Mwana anandiona, koma manja sanaleke. Analankhula chakudya chili m'kamwa.

"Amayi, ndichotseni pano. Ndekha sindingathe."

Ndinamasula chitenje chapamwamba ndikumufunditsa kumutu ngati namwali. Kiyi wa bokosi la ufa uja anali pa nsonga yake, anamugunda pa chipumi. Ndinamukoka, iye akugwirabe m'mphepete mwa beseni, mpaka linagubuduka. Agalu anathamangira.

Pofika kunyumba mimba inali itatupa mpaka kuwala. Anasanza, nasanzanso, kenaka anakomoka. Bambo wake anamanga ng'ombe pa chikochikale, ngolo yathu, mwana tinamugoneka pa mphasa, ulendo wa kumsewu. Lole ya thonje ndi imene inatinyamula mpaka ku Katete, ine nditamukumbatira pamwamba pa mabelo.

Asisitala aja anali pa ntchito. Sanandikalipire, ndipo mwina zikadandipepukira akadakalipa. Atamuika madzi a m'botolo pamkono anandiitanira panja, nkundifunsa kuti mwana wakhala akudya chiyani. Ndinanena zonse, za alamu, za kambale, za kiyi. Atamva zonsezo anati:

"Mayi, alamu anu ali ndi matenda awo, mwanayu ali ndi ake. Tsiku la mbatata lija sikunali kususuka. Linali thupi limene lakhala ndi njala chaka chathunthu. Mukalimananso, lidzalanda."

Anandifotokozera kuti mankhwala a kugwera chakudya koteroko si kuletsa, koma kudya mokwanira nthawi ndi nthawi mpaka thupi likhulupirire kuti chakudya sichidzasowanso. Anati akadya mopitirira, chakudya chotsatira asachidumphe ngakhale alire bwanji. Kenaka ananena chimene ndinkachiopa, kuti adokotala apeza mtima wa mwana wafooka kwambiri, ndipo sangalonjeze kanthu.

Masiku asanu ndi anayi ndinagona pansi pa bedi lake, monga timachitira odikirira odwala. Ine ndine munthu wopemphera chiyambire utsikana wanga, koma masiku amenewo mawu anandithera. Ndinkangoti, Ambuye, ndine ndachita, musalange mwana. Mapazi ake anatupa, khungu la m'manja linkasenda. Tsiku lachisanu bedi loyandikana nalo anatulutsapo mtembo, iye akuyang'ana. Tsiku lachikhumi anakhala tsonga napempha madzi osamba.

Titabwerera kumudzi, choyamba ndinatsegula bokosi lija, ufa ndikuubwezera pamalo pake poonekera. Kambale kaja ndinakasandutsa komwera nkhuku. Masana ndinayala mphasa, ndikuika mbale imodzi ya nsima pakati, ndikumuitana. Apongozi ndi mng'ono wake anadya nanyamuka. Tinatsala awiri.

Anatema kambamu kakang'ono ngati nsawa, nakagwira m'manja mpaka kuuma. Analira. Anandinena mawu amene mwana sanena kwa mayi wake, kuti ndikufuna akhalenso mtondo, kuti ndine wabodza, dzulo ndinati nsima ndi yoipa lero ndikuti ndi yabwino. Pamenepo sananame. Ndinamuuza kuti ndinalakwa ndine, ndipo sindichoka pamphasapo. Iye akatema, nanenso ndinkatema. Iye akaleka, ndinkaleka. Tinamaliza mtanda umodzi dzuwa litasuntha mthunzi wa nkhokwe kufika pamapazi athu, nsima itazizira ngati mwala.

Tinadya chotero tsiku ndi tsiku. Kumunda ndinkaweruka msanga, anthu nkumati ndayamba ulesi. Kugwera chakudya kuja sikunathe tsiku limodzi ayi. Kunabweranso kangapo, ndipo m'mawa mwake ndinkamuikirabe phala, iye akutukwana. Koma kunayamba kutalikirana, sabata, mwezi, miyezi itatu. Mvula inagwa kawiri tisanayambe kupuma bwino.

Alamu anga atamva zimene zinachitika anabwera ndi thumba la ufa wa m'sitolo pa njinga. Anakhala pakhonde osalowa m'nyumba, chipewa chili m'manja, akulira ngati mwana. Sindinawasungire kanthu kukhosi. Ananena zimene zinawathandiza iwo. Womva ndi kutseka bokosi ndinali ine.

Zimene tinataya sizinabwerere. Kusukulu sanapitenso, mwana amene aphunzitsi ankati adzakhala nesi. Mano ake akutsogolo anabooka chifukwa cha kusanza. Ndipo mudzi sunaiwale za beseni lija. Pakagwa maliro, azimayi ankamuuza mwaulemu kuti apume, mbale atolera okha. Ana ankathawa akamuona pachitsime. Mnyamata wina wa ku Mkaika amene anatumiza mawu ofunsira, abale ake atamva nkhaniyo, sanabwerenso. Potsiriza tinamutumiza kwa mkulu wanga ku Vubwi, kumene anthu sankamudziwa. Kumeneko anaphunzira kusoka, ndipo amasokera anthu a mbali zonse za malire a dziko.

Ndimathokoza Mulungu kuti ali moyo. Ndimathokozanso asisitala aja, amene ndinamva kuti anapuma ntchito nabwerera kwawo ndisanawapatse ngakhale nkhuku. Koma sindinganene kuti anachira ngati mmene chilonda chimapolera. Ndikapita ku Vubwi kukamuona, amaphika yekha, nkuika mbale imodzi pakati pathu osandifunsa. Masiku ena amadya bwino tikucheza za makasitomala ake. Masiku ena ndimaona dzanja lake laima m'mbale, kambamu kakuuma pakati pa zala.  Nanenso ndimaimitsa langa, ndikudikira.