Chambiko cha a Zondwayo Jere

Apongozi anga aamuna, a Zondwayo Jere, ankadziwika kuchokera ku Embangweni mpaka ku Manyamula chifukwa cha chambiko. Ng'ombe ya mkaka inali imodzi yokha, Mabvuto, koma ankayenda ngati mwini khola la boma. Kutchalitchi ankaimba mosemphana ndi anzawo, koma madoda sankawadzudzula, poopa kumanidwa chambiko.

Mu 1979, ine ndili mtengwa wa mwana mmodzi, bere la Mabvuto linatupa. A vetenale anabwera pa njinga Lachinayi nʼkuibaya jekeseni. Apongozi anali atathawira kuseri kwa nkhokwe, poti singano ankaiopa chomene. Ndiye a vetenale anauza ine kuti mkaka wa masiku anayi utayidwe, muli mankhwala, munthu asamwe. Akuti ndiwauze akuluwo.

Ndiwauze bwanji? Kwathu kuno mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Amuna anga anali ku Chikangawa kocheka matabwa, apongozi aakazi ku maliro ku Champhira.

Mbwenu akuluwo anakama, nathira m'chipanda kuti ugwire ukhale chambiko, poti Lamulungu madoda ankabwera kudzadya. Lachisanu mkaka uli chimodzimodzi. Loweruka osagwira. Anauika padzuwa. Anauveka jekete lawo la ku Joni. Kenako anakhala pansi nʼkukumbatira chipanda ngati nkhuku pa mazira, akuchinyengerera m'Chitumbuka. Atatopa ananena kuti madoda angomwa choncho, ndipo mdzukulu ayambe kulawa.

Apo ndinagwada kutali, nʼkumasula Iness kumsana, mwana wa miyezi isanu ndi inayi, nʼkumuyang'ana iyeyo.

"Iness, agogo ako uwauze kuti a vetenale anati mkakawo uli ndi mankhwala. Sungagwire, ndipo ngotaya mpaka Lolemba."

Iness anangoyamwa chala. Apongozi nawonso anatembenukira kwa khandalo.

"Iwe Iness, nkhani yotere kuisunga masiku atatu? Ndiwe mwana wamwano. Koma yewo."

Anakathira mkaka wonse m'dzenje kuseri kwa khola, akuyang'ana kumbali ngati pa manda.

Lamulungu madoda anapeza chinangwa ndi tiyi wopanda mkaka. Apongozi anawafotokozera molimba mtima za mankhwala a ng'ombe, ngati anaphunzira ku sukulu ya ziweto ya ku Mikolongwe. Madoda anavomera kuti ndi nzeru. Kenako mmodzi, atayang'ana m'kapu mwake, anati pali kankhani kena kakalekale kokhudza maimbidwe a apongozi kutchalitchi.