Mbande 10,001 za ku Kadewere

A Helena Namakhwa a ku Kadewere sukulu analekezera sitandade 6, koma manambala sanalekane nawo. Minibasi ikamadutsa, anzawo amasuzumira kuti wakwera ndani, iwo maso amakhala pa nambala ya kumbuyo, kuigawa m'mutu. "Iyi ndi yofatsa, ikulola pawiri ndi patatu. Iyo ndi yamakani, sigawika." Amuna awo anatopa nazo kalekale.

Namondwe atakokolola minda ya m'mphepete mwa phiri, anthu a m'mudzimo anayambitsa kalabu yofesa mitengo, ndipo ntchito yowerenga mbande inagwera a Helena. Lamulo la kalabu linali loti mbande zigawidwe mofanana, pasatsale ngakhale imodzi, chifukwa chaka chatha zotsala anthu analimbirana mpaka kung'ambirana zitenje.

Mamembala anali 73, koma tsiku logawa litayandikira komiti inafufuta dzina la a Habiba, ati anajomba kuthirira. Chonsecho aliyense ankadziwa kuti mayiyu anali ku chipatala ku Nguludi kudwazika amuna awo, ndipo bambowo atamwalira anakhala pa eda, masiku amene namfedwa wachisilamu sachoka pakhomo. Munda wawo ndi umene unagumuka kwambiri, moti popanda mitengo mvula ikubwerayi ikanaumaliza. Zinawapweteka mtima a Helena, ndipo kunena zoona zinali zochititsa manyazi.

Tsiku logawa, wapampando a Bernard anafunsa kuti mbande zilipo zingati.

"10,001," anayankha a Helena.

A Bernard anatulutsa foni n'kugawa nambalayo kwa anthu 72. Aliyense 138, zotsala 65. Phokoso linabuka pompo. Ena amati zotsalazo zipite ku tchalitchi, ena ku mzikiti, a komiti akuti ndi zawo poti anavutika. A Bernard anayesa kuchotsa ojomba ena, anthu akhale 71, kenako 70, koma zotsala zinalipobe.

"Nambala imeneyi ndi yoipa, amayi. Sigawika," anatero uku akupukuta thukuta.

A Helena anaimirira n'kumanga bwino chitenje. "Ikugawika, achimwene. Ndakhala nayo sabata yathunthu. Pawiri ikukana, patatu ikukana, pa 7, pa 11, pa 13, ikukanabe. Ndayesa mpaka 100, ndipo yalola pamodzi pokha. Tadinani 73."

A Bernard anadina. Foni inaonetsa 137, popanda chotsala. Anadinanso, kuganiza kuti chala chaterereka. 137 yomweyo.

Kenako a Asumani, mkulu wopala matabwa, anafunsa ngati sakudziwa: "Kodi wa 73-yo ndi ndani?"

"Dzina munafufuta ndinu a komiti," anatero a Helena. "Ine ndangowerenga mbande."

Nthungululu zinayambira kumbuyo, kwa amayi, n'kufalikira gulu lonse. A Bernard anabwereka cholembera, nalembanso dzina lija ndi zilembo zikuluzikulu kuposa za anzake onse.

Popeza a Habiba sakanatha kubwera, amayi anasenza gawo lawo m'mabeseni, a Helena patsogolo, abambo ndi makasu pambuyo. A Habiba anali pakhonde akupeta nandolo pamene anaona mzere wa anthu ukukwera chitunda, kulunjika kumunda kwawo. Anaika lichero pansi n'kugwira pakamwa, misozi ili mbwee. Dzuwa lisanapendeke, mitengo yonse 137 inali itadzalidwa.