Mpunga wa pa Sadaka

Chinali chaka cha 2016, ndili ndi zaka 64. Mlongo wanga anali ndi dimba la mpunga kudambo, kumunsi kwa Chikweo. Analimamo amayi athu, analimamonso amayi awo. Wamalonda wina wa ku Nayuchi, wogulitsa zitenje ndi shuga, anatulukira ndi chipepala, akuti malowo anagula kwa mphwathu amene anali atamwalira kale. Mwini mbumba ndine. Ndinakasuma kukhoti.

Woweruza anali mwana wa kwathu konkuno. Bambo ake ndi ine tinavinidwa jando limodzi. Zimenezi sindinazitchule m'khoti, iyenso sanazitchule. Anamva mboni zanga, anapita yekha kukaona malire, anamupanikiza wamalonda uja ndi mafunso mpaka thukuta kamukamu. Mlandu unkayenda bwino.

Chigamulo chisanaperekedwe, bambo ake anamwalira. Ndinakaika nawo maliro. Tsiku la sadaka litakwana, ndinakweza thumba la mpunga pa njinga n'kukatula pakhomopo. Kwathu kuno munthu sapita chimanjamanja ku sadaka ya mnzake wa kujando. Wolengeza anatchula dzina langa ndi thumbalo pamaso pa anthu, monga amachitira ndi aliyense. Wamalonda uja analipo, atakhala pamkeka.

Patapita masiku, woweruza anafika kwathu, thumba lili kumbuyo kwa njinga yamoto. Mpando anaukana.

"Bambo, mpunga uja ndabweza. Malamulo a ntchito yathu salola kulandira kanthu kwa munthu amene mlandu wake uli m'manja mwanga."

"Ndinapatsa iwe kapena malemu?"

"Ndikudziwa, bambo. Koma anzanu amalonda aja akadandaula kale kwa akuluakulu. Mlanduwu ndausiya."

"Ukubweza sadaka ya bambo ako?"

Anayang'ana pansi, natsitsa thumba, napita. Mpungawo sindinalole kuti wina audye. Anaumaliza anankafumbwe.

Mlandu anautumiza kukhoti lina, kutsidya kwa Shire, mbali ya Balaka. Tinayambiranso pachiyambi. Ulendo uliwonse unkadya mbuzi kapena nkhuku, ndipo nthawi zambiri tinkangouzidwa kuti bwana kulibe, tidzabwerenso. Mboni zanga zinatopa n'kusiya kubwera. Woweruza watsopanoyo kudimba sanapondeko.

Mthenga wa pakhotipo anandikokera pambali.

"Madala, mukuvutikiranji? Bwana nawonso amamva ludzu."

"Iyayi. Chitsime chili apo."

Tsiku lina wamalonda uja anandipeza pakhonde la khoti, akuseka.

"Achimwene, mphatso salengeza pamkeka. Imadzera kukhomo lakuseri."

Anthu ankati ku Phalula, kumene woweruza watsopanoyo amalima chimanga, kunatsitsidwa matumba a feteleza. Sindinaone ndi maso anga, ndiye sindingalumbire. Chimene ndinamva ndi makutu anga ndi chigamulo: chipepala chija n'choona, malo ndi a wamalonda.

Ana anga amati ndikanadikira mlandu uthe kaye. Sadaka sidikira khoti. Zitabwereranso ndikhoza kusenzanso thumba lomwelo. Lamulo linagwira amene tinachita zathu poyera, koma wakuseri uja linamudutsa.

Mlongo wanga lero amapalira mpunga wa ganyu m'dimba lomwelo, ndipo sandiyang'ana kumaso. Zimene zinapita ndi izi: dimba la amayi athu, mbuzi zinayi, nkhuku zonse, njinga yanga, ndi moni wa woweruza woyamba uja, mwana wa mnzanga, amene tikakumana ku mzikiti aliyense amavala nsapato zake n'kulowera kwake.