A Leonard a ku Boyila ndi Moto wa Udzu

Mukuti a Leonard Nakhumwa simukuwadziwa? Nanga masowo mumaonera chiyani? Anyamata a mpira a kutsidya kwa nyanja mumawatchula mayina ngati abale anu, koma munthu wodutsa kuseri kwa nyumba zanu m'mawa uliwonse panjinga yopanda mabuleki, ameneyo ayi. Ine sukulu sindinapondeko, nde wolembayo alembe mmene ndikuyankhuliramu, asakometse.

A Leonard anabadwira kwa Khwethemule. Zaka zoposa makumi awiri anali ku fakitale ya tiyi, kusonkhezera moto wa boyila woumitsira masamba. Ntchito yake n'kuponya zikuni za bulugama, osachulutsa, osachepetsa. Moto ukalilima tiyi amapserera, ukafooka sauma. Atapuma ntchito anayamba kuphunzitsa ana a pa esiteti kuthamanga mitunda italiitali. Eni akewo sanapambanepo mpikisano, mwendo wina ngwaufupi.

Ankawauza anawo kuti m'thupi muli moto wa mitundu itatu. Wa udzu umabuka n'kuzima usanawerenge mpaka khumi. Wa zitsononkho umatentha zedi koma umafuka utsi, miyendo n'kulemera, sukufikitsa patali. Wa chikuni ndiwo umayaka tsiku lonse, bola mpweya uzilowa. Iwo ankakhulupirira wa chikuni basi. Wa udzu ankaunyoza, ati ndi moto wa anthu a matama.

Nde ana awo ankathamanga pang'onopang'ono m'misewu ya m'tiyi, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Wolephera kumaliza vesi ndiye kuti wathamangitsa, abwerere kumbuyo. Azimayi othyola tiyi ankawakuwa.

“A Leonard, maliro ali kuti tikakhuze?”

“Thyolani tiyi, mayi, kapitawo akubwera uyo.”

M'gulumo munali Rhoda, mdzukulu wanga, wothyola tiyi nayenso. Nthawi ya mvula masamba akachuluka, a Leonard ankamuchepetsera mtunda. Ati munthu wakwera phiri tsiku lonse dengu lili kumsana, wathamanga kale. Ankamuuzanso kuti adye chinangwa kapena nthochi asananyamuke, boyila sayaka ndi mapemphero.

Chaka cha dzana kunabwera manijala watsopano wochokera ku Kasungu. Anaona gulu likuimba mumsewu, sanaseke. Anaitana a Mervin Chirwa, aphunzitsi a masewera a ku sekondale, munthu wa wotchi ndi wezulo. Ana a Mervin ankazungulira bwalo ndi liwiro mpaka kusanza. Manijala anati esiteti singakhale ndi matimu awiri. Pakatha miyezi itatu atsikana apikisane, kuzungulira minda yonse kukathera pa geti ya fakitale. Amene mwana wake apambane atenga timu ndi mayunifomu omwe. Wolepherayo asiye.

Ine ndinawauza a Leonard. Ndinati, “Achimwene, mwanayu mumulole tsiku limodzi athamange ngati akuthawa njuchi.”

Anati, “Alongo, munayamba mwaumitsapo tiyi ndi udzu?”

Ndinangowasiya. Munthu wa boyila sauzidwa za moto.

Tsikulo kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi chifunga. Atsikana asanu ndi mmodzi a Mervin anachoka ngati aponyedwa ndi legeni. Rhoda, amene a Leonard ankamudalira, anatsala m'mbuyo, milomo ikugwedera, kuimba chamumtima. Pofika pa damu anali atadutsa awiri. Pa chitunda cha ku malayini, kunyumba za antchito, anapeza atatu atagwira mawondo, wina akulira. Anatsala mmodzi, Tisungane wa ku Thekerani.

Zimene a Leonard sanaganize n'zakuti Tisungane anakula akusenza nthochi kukwera nazo mapiri akwawoko. Chikuni anali nacho kale, a Mervin anangowonjezera udzu. Rhoda atamudutsa, iye anangomata kumbuyo kwake, phazi ndi phazi, mpaka geti inaonekera. Ine ndinali pomwepo. A Leonard akukuwa ali panjinga.

“Rhoda, tsopano! Tsegula!”

Atsegule chiyani? Mwana sanaphunzitsidwepo. Anapitiriza ndi kathamangidwe kake komweko, kokongola, osachita wefuwefu. Tisungane anabuka n'kumudutsa pamene patsala mtunda ngati kuchoka pano kukafika pa mjigo. Atadutsa geti anagwa, anachita kumunyamula. Rhoda anafika wachiwiri, akupuma bwinobwino.

“Agogo, ndikhoza kuzunguliranso,” anatero.

Ndinati, “Zungulira, mwanawe, anzako alandira kale mphoto.”

Timu inapita kwa a Mervin. A Leonard anapereka thumba la mayunifomu osatsutsa. Anakhala mwezi wathunthu osatuluka m'mawa, njinga itatsamira nkhokwe. Rhoda anapita kwa a Mervin, poti kwina kunalibe.

Kenako tsiku lina a Leonard anapalasa kupita kusekondale, n'kukhala m'mphepete mwa bwalo. Rhoda ndiye anandiuza zimene anakambirana.

“A Chirwa, ndabwera kudzaona udzu wanuwu. Mumauyatsa kangati pa sabata?”

“Tsiku lililonse, madala.”

“Nde chifukwa chake asanu aja anakuzimirani panjira.”

Manijala anali atawafunsa kale a Mervin za asanuwo, poti awiri anasiyiratu, wina bondo linatupa. Nde a Mervin anafunsa kuti nanga nyimbo zija zimathandiza chiyani. A Leonard anafotokoza, a Mervin akulemba m'kope. Kenako a Mervin anawaonetsa mmene amawerengera nthawi yopuma pakati pa liwiro ndi liwiro. A Leonard anabwereza kufunsa kawiri, sanachite manyazi.

Timu sanabwezeredwe. Pa pepala la esiteti dzina ndi la a Mervin, ndipo akapita kumipikisano ku Blantyre okwera galimoto ndi iwo. Koma masiku anayi pa sabata ana amaimba m'tiyi, a Leonard ali pambuyo panjinga. Lachiwiri ndi Lachisanu ali pabwalo ndi wezulo. Lamulungu amapuma. Rhoda wamugonjetsa Tisungane kamodzi, Tisungane wamugonjetsa katatu. A Leonard maso ayamba kuchita chifunga, ndipo njinga ija mabuleki ilibebe.