Anesi Atsike Pansi

Inu amene mukuti moyo wakukanani, khalani kaye pansi mumve za Success Mphepo wa ku Chulu. Dzina lokhalo linali chitonzo. Munthu dzina lake Success, mayeso a Fomu 4 n'kulephera kawiri! Anzake akamuona akusoka fodya m'chigafa cha eni ake ankakuwa kuti, "Zikutheka, a Success?" Iye n'kumangosokabe fodya wakeyo.

Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Pakhomo panatsala iye, mayi ake a Lusiya, ndi kamunda ka chimanga chonyozoloka. Zinali zaka zija za makuponi ogulira feteleza. Chaka chilichonse a Lusiya ankaswera pamzere kudepoti, dzuwa lili phwee, n'kubwerako ndi liwu limodzi: "Watha." Watha bwanji feteleza, poti lole yatsitsa dzulo lomweli? Pakapita sabata matumba omwewo ankapezeka kwa mavenda pamtengo woboola m'thumba.

Chinthu chimodzi chimene Success ankachitha ndi kujambula, ndiye mkwiyo wake wonse unathera pamenepo. Anapeka munthu wakewake: Anesi, mtsikana mtolankhani wofufuza za katangale. Kuvidiyo anaonapo ngwazi zouluka, nsalu ili petupetu kumbuyo. Nayenso Anesi anamumangirira chitenje m'khosi n'kumuulutsa pamwamba pa madepoti, kuti aziona matumba akutuluka kukhomo lakuseri.

A Salehe, mwini golosale pa tredingi senta, ankamupatsa makatoni a sopo ojambulapo. "Jambula, mwanawe, ine ndizipachika pakhonde pano." Anthu ankaunjikana kuwerenga, kuseka mpaka kugwira nthiti.

Mmodzi yekha ndiye sanaseke: a Kalekeni, wapampando wa komiti ya makuponi, amenenso anali mkulu wa mpingo. Wakuba amene Success anamujambula pakatonipo anali ndi kamimba ndi chipewa ngati chawo. Koma akanadandaula kuti chiyani? Kuti wakubayu ndine? Bamboyo sanali wopusa. Anapita kwa akulu anzawo ndi nkhani ina, yoti mwana wa a Lusiya akuphunzitsa ana ufiti.

Mwana wa anthu uja anaiwala chinthu chimodzi. Kwathu kuno munthu wouluka tonse timamudziwa, ndipo sitimutcha ngwazi.

Mayi ndi mwana anawaitanira kubwalo la mpingo. Mlandu ukatsimikizika, a Lusiya adulidwa, avulanso yunifomu ya amayi. Tangoganizani, mayi wamasiye amene ulemu wake wonse unali m'bulauzi yoyera ija.

"Mtsikana uyu akuyenda pa chiyani?" anafunsa a Kalekeni, katoni ili m'manja.

"Akuuluka," anayankha Success.

"Mwamva nokha! Lichero lokha ndi limene sanajambule."

Abale inu! Pakatoni yomweyo panali matumba akuzembetsedwa kuseri kwa depoti, koma madoda onse aja maso ali pa chitenje cha Anesi basi.

"Pepani, akuluakulu," anatero Success. "Anesi wauluka pakatoni, mwaitanitsa bwalo. Feteleza wathu akuuluka chaka ndi chaka, thumba lolemera lopanda mapiko, bwalo lake silinaitanidwepo. Woulutsayo ndi ndani?"

Koma musaganize kuti Success anapambana, ayi ndithu. Anamunena kuti ndi mwana wamwano, ndipo chigamulo chinagwa: Anesi akadzangoulukanso, a Lusiya adulidwa.

Pobwerera kunyumba Success ankangolalata. "Ndasiya! Anthu otani osasiyanitsa chithunzi ndi ufiti? Bola ndizingosoka fodya."

A Lusiya anaima pakati pa njira. "Iwe, akuletsa kuuluka kapena kujambula?"

"Kuuluka."

"Ndiye mtsitse pansi. Miyendo alibe?"

Success anamutsitsadi Anesi, koma monyinyirika. Chitenje chinachoka m'khosi n'kupita m'chiuno, pamalo pake. Anamupatsa njinga yakale yopanda mabuleki. Zinkamuwawa mumtima. Ngwazi yanji yopopa matayala panjira? Ana amene kale ankaunjikana kwa a Salehe anayamba kudutsa osacheuka. "Anesi wafooka," ankatero. Success anajambulabe.

Tsono taonani. Anesi wouluka ankangoona madenga. Anesi wa njinga anayenera kuima pamijigo ndi m'zigafa, kufunsa anthu. Kuti amujambule bwino, Success nayenso anabwereka njinga ya a Salehe n'kuyamba kuzungulira, kumvetsera. Posakhalitsa amayi anayamba kumuimitsa okha.

"Ukamuuze Anesi kuti kwathu akufa akulandira makuponi, amoyofe tili duu."

"Ukamuuze Anesi afike ku Kapelula, akaone zimene zikuchitika."

Ankamutuma ngati Anesiyo ndi mlongo wake. Iye sankatchula dzina la munthu, koma katoni ikapachikidwa aliyense ankazindikira nkhani yake. Khonde la a Salehe linadzadzanso, tsopano ndi akuluakulu.

Pamsonkhano wa makuponi wa chaka chotsatira, a Kalekeni atangoti feteleza chaka chino ndi wochepa, mayi wina wobereka mwana anaimirira. "Anesi amafunsa kuti lole yatsitsa dzulo, watha bwanji lero? Nafenso tikufunsa." Anaimirira wina, kenako wina, mpaka bwalo lonse. A Kalekeni anayang'ana uku ndi uku kufuna ufiti woti aloze, koma njinga si ufiti. Tsiku lomwelo anthu anasankha komiti ina.

Chaka chimenecho a Lusiya anabwerako kudepoti thumba lili pakaliyala. Lamulungu lake anasita bulauzi yawo yoyera n'kukakhala kutsogolo, nyimbo ili pakamwa.

A Salehe ndi amene anapita ndi zojambulazo kuboma kukazichulukitsa pamapepala. Zinayenda dzanja ndi dzanja mpaka nyuzipepala ina inamufunafuna Success n'kumupatsa tsamba lake. Aja ankamukuwiza m'chigafa lero amatumiza ana kukagula timabuku ta Anesi.

Anthu a m'tauni amakonda kumufunsa kuti, "Bwanji ngwazi yanu siuluka ngati zinzake?" Iye amapukusa mutu, poti funsoli linamutopetsa kalekale.

"Wouluka kwathu amamuthawa. Wa njinga amamupatsa madzi akumwa n'kumuuza zonse."

Ndiye inu amene mwakhala pansi chifukwa wina wakuthyolani mapiko, ndikufunseni funso la a Lusiya: akuletsani kuuluka kapena akuletsani ulendo? Mtima usagwe. Miyendo muli nayo, dzukani mupope njinga.