Belu la Njinga ya Malemu Zakeyu

A Ebelesi Banda a ku Pembamoyo anayamba kujambula nthano zoopsa pa foni amuna awo a Zakeyu atamwalira. Maliro atangotha, alamu awo a Steward, omwe anali achibwibwi, anawalanda munda wa mtedza ndi njinga ya malemuwo. Akuluakulu a pabanja anangoyang'ana pansi.

Nthano zawo zinkayenda pa Watsapu, mpaka madalaivala a minibasi za ku Chipata anayamba kuziika pa sipika. A Ebelesi sankakuwa kapena kuseka ngati mfiti. Ankalankhula motsitsa, ngati akukufunsa za kumunda, kenako n'kukhala chete mpaka womvera ayambe kumva kupuma kwake komwe.

"Chimene munthu sakuchiona amachijambula yekha m'mutu," ankatero, "ndipo chake chimaopsa kuposa changa."

Nthano imene anaikonza mosamala kwambiri inali ya munthu wolanda njinga ya mkulu wake wakufa. Sanatchule dzina. Anaikamo kulira kwa tcheni chadzimbiri, mapazi oponda mapesi ouma, ndi belu losweka lolira ngati chitini, monga linkalirira la a Zakeyu. Belu lotere analisaka kwa okonza njinga onse a ku boma mpaka analipeza. M'nthanomo, munthu uja akamapalasa, njinga inkalemera kumbuyo, ndipo wina ankamupumira m'khosi.

A Steward anaimva masana, atapanikizika mu minibasi. Belu litalira pa sipika, mayi wina wa ku Mlolo amene ankawadziwa anatembenuka n'kuwayang'ana osaphethira. Iwo anatsika asanafike kumene ankapita.

Kuyambira tsikulo njinga ankangoikankha. Pamsika anthu ankawafunsa, "Lero mwanyamula ndani kumbuyoko?"

M'mawa wina a Steward anatulukira pakhomo pa a Ebelesi atazolika.

"Alamu, ifufuteni nkhani ija. Njinga yanu ndi iyi."

"Nanga munda?"

"Ndabzalamo kale."

"Kakololeni ndithu," anatero a Ebelesi, akutsamiritsa njinga pakhoma. "Panopa ndikukonza ya munthu wozula mtedza m'munda wa wamasiye. Akukoka phata, n'kuona kuti pansipo pali dzanja limene lagwira mizu."

A Steward sanapondemonso m'mundamo. Mtedza utakhwima, a Ebelesi anazula okha ndi achemwali awo a Lefina, n'kudzaza nkhokwe. Nthano ya dzanja ija anaitulutsabe, ndipo wozula mtedzayo anamupatsa chibwibwi chofanana ndendende ndi cha alamu awo.