A Mhango ndi Hedi ya Injini Yawo

Fungo la palafini wosakanikirana ndi girizi likandipeza, kaya pa depoti kaya kwa okonza njinga, ndimaima kaye, chifukwa limandibwezera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya a Mhango ku Chitimba. Ndimawaona atakhala pa chitsa, magalasi omanga ndi ulusi ali pamphuno, chitsulo cholemera chili pa thabwa patsogolo pawo, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera phokoso la tupa ikupala m'kati mwa chitsulocho, lomwe linkayamba ife tisanasese pabwalo n'kudzaleka nkhuku zikulowa m'khola.

Ife kumeneko tinali obwera. Bambo anga, a Mbewe, anali mlangizi wa zaulimi, ndipo boma linawatumiza kuchokera kwathu ku Dedza ine ndikadali kamtsikana. A Mhango ndi akazi awo, a NyaGondwe, ndiwo tinkayandikana nawo, ndipo a Mhangowo ife ana tinkangowati asekuru monga ankawaitanira ana onse a m'mudzimo. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosachulutsa mawu. Unyamata wawo anathera ku Zambia, m'galaja ya azungu ena okonda mpikisano wa magalimoto, ndipo anabwerako ndi bokosi la masipanala, chifuwa chosatha, ndi kapikapu kakale komwe kankanyamula usipa, odwala ndi maliro a dera lonselo.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Mimba yam'mbuyo inali itawavuta kwambiri, choncho anamwino anawalangiza kuti ulendo uno asayerekeze kuchilira kunyumba, akachilire kuchipatala cha mishoni pamwamba pa phiri, ku Khondowe. Amene anakwerapo msewu wa Gorodi akuudziwa: makona okhaokha, miyala, mbali ino khoma, mbali inayo phompho. Galimoto yoti tiidalire inali ya asekuru basi. Ndiye tsiku lina inafika ikufuka nthunzi, n'kuzima pabwalo, osadzukanso. Hedi inali itang'ambika.

Hedi, monga anandifotokozera iwo eni, ndi chivundikiro chachitsulo cha pamwamba pa injini. M'kati mwake muli timipita, tina tolowetsa mpweya ndi petulo, tina totulutsa utsi. Anapeza ina kwa wamalonda wochokera ku Tanzania, yatsopano ndithu, koma yongopangidwa motengera, osati yochokera kumene galimotoyo inapangidwa. Bambo anakondwa, poganiza kuti mawa lake galimoto iyenda. Koma asekuru anapisa chala m'kampita kamodzi, anatsinzina, napukusa mutu.

"A Mbewe, pisani chala apa," anatero. "Mwamva? Mokakala, ndipo pokhotera pali kachulu ka chitsulo. Ndikaimanga chonchi, m'mbali mwa nyanja iyenda bwino chomene. Koma pa Gorodi ibanika. Izima pakona, tiyambe kutsitsa wodwala ndi kufuna miyala yotsekera matayala."

"Ingomangani, adada," anatero bambo. "Bola yobanika kusiyana ndi yogona pa thabwa."

"Amama akadali ndi mwezi. Ndipatseni masiku, ndiitsegule kukhosi."

Umo ndi mmene inayambira ntchito ija. Magetsi kunalibe, zonse ankachita ndi manja: tupa zozungulira zomwe anazipinda okha pamoto, ndi sandipepa wokulunga ku kamtengo ka nsungwi. Ankapala pang'ono, n'kuuzira, n'kupisa chala, n'kupalanso. Kuseri kwa makoma a timipitato kumadutsa madzi oziziritsa injini, ndiye ankati dzanja likangopitirira muyeso, waboola, hedi yonse yasanduka chotaya. Nthawi zina ankayatsa kansanza, n'kuuzira utsi wake m'mpita, kuyang'ana ngati ukutuluka mowongoka kapena ukuzungulirazungulira. Mipita ya utsi ankaisalaza mpaka kuwala ngati supuni, koma yolowera petulo ankaisiya yokakala pang'ono, ati petulo asamaime madontho m'makoma. Mavavu, titsulo totseka ndi kutsegula timipitato, ankawapekesa pakati pa zikhato ngati munthu wopekesa moto, kenako n'kuthira palafini kuti aone ngati adontha. Akadontha, ankayambiranso, uku akutsokomola.

A NyaGondwe ankabwera ndi tiyi n'kuima manja m'chiuno. "Mwana wane, waona asekuru ako? Chitsulo amachisisita tsiku lonse. Ine chikwatiwire sanandisisitepo chonchi."

"Chitsulo sichiyankha, ndiye chake," ankatero asekuru, osadzutsa mutu.

Bambo okha sankaseka. Madzulo alionse pochokera kuntchito ankatsamiritsa njinga ku mtengo wa mango n'kufunsa kuti, "Lero?" Yankho linali lomwelomwelo, loti pang'onopang'ono: "Pachoko pachoko, a Mbewe." Amayi miyendo inali itatupa, kumsika anali atasiya kupita, ngakhale kuti khadi la chipani anali atadula lawo ndi la mwana wa m'mimba yemwe, monga zinkakhalira masiku amenewo.

Loweruka lina dzuwa litapendeka, asekuru anamaliza. Anaipukuta hedi ija, anaikulunga m'chiguduli, nati aimanga Lolemba. Pa Sabata sankagwira sipanala. Ngakhale nsapato zakutchalitchi ankapolishiratu Loweruka.

M'mawa mwake amayi anadwala, masiku asanakwane. Azimayi analowa m'nyumba n'kutitulutsa ine ndi mng'ono wanga, ndipo bambo anangondigwira phewa n'kuti, "Thamanga." Ndinawapeza asekuru panjira ya kutchalitchi ali ndi akazi awo, atavala jekete lawo lakuda, belu likulira. Tsiku limenelo mlaliki anali iwowo.

"Asekuru, amayi adwala. Azimayi atitulutsa m'nyumba."

Anaima. Anayang'ana komwe kunkalira belu, nayang'ana ine. Kenako anavula jekete lija panjira pomwepo, napereka kwa a NyaGondwe pamodzi ndi mabuku awo.

"Kawauzeni apeze wina wolalikira. Mukatero mubwere kwa amama."

Kumanga hedi si kuvundikira poto. Anapukuta pamwamba pa injini, anayala gasiketi yotseka mpata pakati pa injini ndi hedi, ndipo bambo anawathandiza kunyamula chitsulocho. Mabawuti ankamanga kuyambira apakati kupita kunja, onse pang'onopang'ono, n'kubwereranso ku yoyamba. M'nyumba mwathu tinkamva amayi akubuula. Anthu opita kutchalitchi ankadutsa pamsewu n'kuona mkulu wa mpingo malaya oyera ali girizi yekhayekha, ena n'kuyang'ana kumbali.

"Fulumirani, chonde!" anakuwa bambo. Sindinawamvepo akukalipira munthu wamkulu chiyambire. "Mukanamanga tsiku lija, bwenzi pano tili pamwamba!"

Asekuru anapitiriza kumanga. Anangoti, "Gwirani apa. Bawuti yothamangitsa imapinda hedi." Sanadumphe ngakhale imodzi.

Injini inalira dzuwa lili paliwombo. Amayi anawagoneka pa matiresi kumbuyo, mutu uli pa miyendo ya a NyaGondwe, bambo atagwada pambali. Ine anandisiya ndi mng'ono wanga. Nyumba yathu inali kufupi ndi tsinde la phiri, ndipo ana tonse tinkaudziwa mliridwe wa galimoto ija ikamakwera: inkalira, n'kutsamwa, n'kukhala zii kwa kanthawi anthu akutsika kuti akankhe. Tsiku limenelo ndinakhala pa chitsa cha asekuru mwana ali kumbuyo, ndikubwereza pemphero limodzi lomwe ndinkalidziwa, makutu ali kuphiri. Kulira kuja kunkachepa pakona, n'kukweranso, kuchepa, n'kukweranso, mpaka kunatalikira n'kusowa m'mitengo. Sikunaduke paliponse.

Asekuru anabwera okha mawa lake. Amayi anawachita opaleshoni, anapulumuka. Mwana, wamwamuna, anabadwa atapita kale. Anamwino anauza bambo kuti akanachedwa pang'ono chabe, amayi nawonso tikanawataya. M'mudzimo ena ankanong'ona kuti galimoto ikanakhala yomangamanga m'mawa muja, mwina mwana akanakhala moyo. Asekuru anazimva zimenezo, ndipo ndikhulupirira kuti woyamba kuziganiza anali iwowo. Amayi atatuluka m'chipatala, anthu onse anabwera kudzapepesa, koma iwo ankangotuma akazi awo. Ankakhala pansi pa mango paja, bokosi la masipanala lili chitsekere.

Tsiku loyamba lomwe amayi anatha kuyenda panja, anandigwira phewa kuti ndiwachirikize, ndipo tinadutsa mpanda, bambo akutsatira m'mbuyo chipewa chili m'manja. Amayi anagwada pa fumbi, bala likadali laliwisi.

"Amama, dzukani," anatero asekuru. "Ndikanawamvera a Mbewe, mwina lero mukanabereka mwana kumbuyo."

"Adada, ine ndinali chigonere m'galimoto muja," anatero amayi. "Maso sankaona, koma makutu ankamva. Pakona paliponse ndinkati, ikazima apa, ine sindifika. Sinazime. Za mwanayo akudziwa ndi Mulungu, inu musazisenze. Ine ndabwera kudzathokoza, kudzanena kuti yewo chomene."

Bambo anakhala pansi pambali pa chitsa, nawagwira dzanja asekuru ndi manja onse awiri. Asekuru anavula magalasi n'kubisa nkhope m'chigongono, mapewa akugwedezeka.

Patapita zaka bambo anasamutsidwa, ndipo uthenga wa imfa ya asekuru unatipeza tili ku Kasungu, maliro ataikidwa kale. Lero ndine mayi, ndipo ana anga akanyamuka ulendo ndimagwada n'kuwapempherera iwo, woyendetsa, ndiponso munthu amene sindidzamuona, yemwe anamanga mabawuti a galimoto akwerayo. Funso loti kaya mlongo wanga wobadwa atapita uja akanakhala moyo ndinakhala nalo nthawi yaitali, yankho sindinalipeze, ndipo ndinalisiya m'manja mwa Ambuye. Chomwe ndikudziwa n'chakuti amayi anandilera mpaka kukula, anavina pa ukwati wanga, ndipo mwana wanga woyamba anamusambitsa ndi iwowo.